Mugone kaye pabedipo musanajambule pulani

Kalata ina yandikhudza kwambiri sabata ino. Mayi wina ali m'komiti yokonzanso wodi pachipatala, ndipo akufunsa kuti, poti ndalama n'zochepa, ayambire pati.

Mayi, funso lanu landikumbutsa bambo anga. Atachitidwa opaleshoni, ine ndinali gadiyani wawo. Chipindacho chinali chokongola ndithu, matailosi ali waliwali. Koma chimbudzi chinali kutali ndi bedi, ndipo pakhoma panalibe pogwira. Usiku wina sanafune kundidzutsa, poti tulo tinali titandiba pampando. Anatsika okha, dzanja lina likukoka chitsulo cha diripi, n'kuterereka. Sanathyoke, koma kuyambira tsikulo ankakana kumwa madzi poopa ulendo wa kuchimbudzi. Munthu wodwala kukana madzi! Belu loitanira namwino nalonso linali kuseri kwa mutu wawo, kumene munthu wosokedwa pamimba sangafikire.

Ndinene mosabisa, kuika matailosi oterera m'chipinda cha odwala ndi nkhanza. Ojambula mapulani amaona chipinda ataimirira, ali ndi mphamvu, masana dzuwa likuwala. Wodwala amachiona atagona chagada, pakati pa usiku, getsi likumuthobwa m'maso.

Zeneranso musalitenge ngati chokongoletsera. Mu 1984, katswiri wofufuza Roger Ulrich anafalitsa kafukufuku wa odwala 46 amene anachotsedwa ndulu pachipatala china ku Pennsylvania, m'dziko la America. Amene ankaona mitengo pazenera anatuluka msanga, ndiponso sanafune kwambiri mankhwala amphamvu opha ululu, poyerekeza ndi amene ankangoyang'anizana ndi khoma la njerwa. Nanga phokoso? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti m'wodi lisamapitirire madesibelo 30, kofanana ndi kunong'ona. Koma matayala a tirole amalira usiku wonse, zitseko zili phwa! phwa! Kenako timadabwa kuti odwala sakugona.

Tsono muyambire pati?

Pansi posaterera. Zitsulo zogwira kuchokera pabedi mpaka m'chimbudzi, ndi khomo loti njinga ya olumala idutse pamodzi ndi woikankha. Getsi laling'ono la m'munsi lounikira njira usiku. Mazenera otseguka mbali ziwiri kuti mpweya uziyenda. Sinki pafupi ndi khomo, kuti aliyense wolowa asambe m'manja. Musanasainire pulaniyo, mmodzi wa m'komiti agone pabedi n'kuyesa kufikira belu ndi kapu ya madzi, ndipo mufunse anamwino a usiku ndi okolopa kuti odwala amagwera pati.