Lupanga langa ndi la ku Scotland zoona?

Funso: Ankolo, ndagula lupanga pa msika wina muno mu Lusaka, wogulitsa akuti ndi claymore yakalekale ya ku Scotland. Zoona?
Wowerenga, Chilenje

Yankho: Mphwanga, ndikukayika. Dzina loti claymore likutanthauza lupanga lalikulu, ankaligwira ndi manja awiri cha m'ma 1500, kutalika pafupifupi masentimita 140, ndiye enieniwo ambiri ali mu mamyuziyamu monga ya ku Edinburgh, ku Scotland uko, osati pa msika ayi. Komanso zitsulo zake zambiri zinkachokera ku Germany, a ku Scotland ankangoikako chigwiriro. Lakolo ngati likunyezimira ngati mpeni wakukhitchini ndi lopangidwa masiku ano, la stainless steel, lokongoletsera khoma basi. Osayesa kudulira nthambi ya mango, likuthyokera m'manja.