Kwa amene akufuna kuyamba geni ya ku Tanzania

Achemwali, mwandifunsa kuti malonda odutsa malire amayenda bwanji, komanso kuti ife amalonda timapempha chiyani ku boma. Ndikuyankhani malinga ndi zimene ndaona pa zaka zimene ndakhala ndikupikula zitenje ndi nsapato ku Tanzania n'kumadzagulitsa mumsika wa Taifa kuno ku Mzuzu.

Ulendo wokhawo ndi wosavuta kufotokoza. Timanyamuka mbandakucha, kutsetsereka mapiri a Chiweta pa msewu wa M1, kudutsa Karonga mpaka pachipata cha Songwe, ndipo tikaoloka mlatho ndiye kuti tafika pa Kasumulu. Wa mpamba wochepa amathera pa Kyela kapena Mbeya, pamene wa thumba lolemera amapitirira mpaka ku Kariakoo mu Dar es Salaam. Pobwerera timaonetsa katundu ndi malisiti kwa a MRA n'kulipira msonkho, choncho musataye lisiti ngakhale limodzi. Mukamva anzathu a ku Mchinji akuyamikira ndondomeko yofewetsa malonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, musaiwerengere pa Songwe, chifukwa dziko la Tanzania linatuluka m'bungwelo mu 2000.

Pamene pagona nkhani ndi posintha ndalama. Timagulitsa m'makwacha koma timapikula m'mashilingi, ndipo popeza ndalama zakunja zimasowa m'mabanki, ambirife timathera kwa anyamata osintha ndalama pachipata, amene mtengo wawo wa m'mawa sukhala wofanana ndi wa madzulo. Mu November 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, ine ndinali nditakongoza katundu wanga kwa amayi ogulitsa m'maofesi pa mtengo wakale. Pamene ankamaliza kundibwezera, ndalama zimene kale zinkandipikulira zitenje 100 zinakwana 70 zokha. Ndinaziwerenga kawiri pansi pa shopu ya mwenye amene ndimapikulako nsalu, ndikuyesa kuti ndalakwitsa masamu. Kuyambira pamenepo ndimaika mtengo poganizira ndalama zimene ndidzapikulire mawa, osati zimene ndinapikulira dzulo. N'chifukwa chake pempho lathu loyamba ku boma ndi lakuti wamalonda wamng'ono amene ali ndi ziphaso zake azitha kugula ndalama zakunja ku banki monga amachitira makampani akuluakulu.

Pempho lina ndi lakuti malamulo asamasinthe munthu ali kale panjira. Mu March 2025 boma lathu linaletsa kulowetsa katundu wina monga ufa, mpunga ndi zipatso, ndipo mu April nalo dziko la Tanzania linabwezera potseka zokolola za kuno. Chiletso cha anzathuwo chinachotsedwa patangopita masiku ochepa, koma kwa munthu amene watenga ngongole ku banki mkhonde masiku ochepawo ndi ambiri, pakuti chiwongoladzanja sichidikira kuti nduna zimvane. Kuteteza mlimi wa mpunga wa Kilombero ku Karonga ine sinditsutsa ayi. Chimene tikufuna ndi kuuzidwa nthawi ikadalipo.

Pa nkhani ya ntchito ndiye pamene ndimasiyana ndi anzanga ena, amene amangolira za msonkho. Nsapato zimene ndimabwera nazo zikanatha kusokedwa kuno, chikhala kuti amisiri alipo okwanira, magetsi sakuthimathima ndipo makina akupezeka pa ngongole yotheka kubweza. Bungwe la TEVETA lakhalapo kuyambira 1999, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti achinyamata aphunzire luso la manja. Ife tikanakonda kuti amalonda azifunsidwa luso limene msika ukulifuna, ndiponso kuti mwana akamaliza maphunzirowo asamatuluke ndi satifiketi yokha koma ndi makina oyambira. Telala amene amandisokera madiresi amadzaza benchi yanga m'sabata imodzi, ndipo ndalama yake siidutsa Songwe.

Ngati mtima wanu ukadali pa geniyi, konzani pasipoti, ndipo ulendo woyamba musatenge mpamba wonse. Mubwere kumsika Loweruka ndi kope, tidzawerengere limodzi thiransipoti, malo ogona ndi msonkho musanasinthe kwacha ngakhale imodzi.