Ejenti wa visa ya ku UK uja musamupatse pasipoti

Asisi amene mwafunsa kuti mukufuna kukachezera achemwali anu ku Manchester pa Khirisimasi, ndipo munthu wina wa pa Facebook akuti akupezerani visa "yotsimikizika" bola mumupatse pasipoti ndi theka la ndalama kaye, chonde taimani kaye pomwepo. Palibe munthu ku Lilongwe, ku Blantyre kaya ku Joni amene angakutsimikizireni visa ya ku UK. Ogamula ndi a UK Visas and Immigration, nthambi ya Home Office (unduna wa boma la UK woona za anthu olowa m'dzikomo), ndiye wina akamati "ndili ndi wanga mkatimo" dziwani kuti ameneyo ndi dobadoba basi, ngati aja amazungulira panja pa maofesi a boma.

Visa yomwe mukufunayo amaitcha Standard Visitor, imakulolani kukhala mpaka miyezi 6. Fomu yake ili pa gov.uk, webusaiti ya boma la UK, mumadzaza nokha pa foni kapena pa kompyuta, mtengo wake walembedwa pomwepo ndipo mumalipira ndi khadi pa webusaiti yomweyo, osati ku nambala ya Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Khadi yanu ikamavuta chifukwa cha nkhani za forex zathuzi, achemwali anuwo akhoza kukulipirirani ndi yawo ali konko. Mukatero mumasungitsa tsiku lokadinda zala ndi kujambulidwa, ndipo kumeneko mumapita nokha ndi zala zanu, ejenti sangakupitireni. Mutha kuyamba kufunsira kutatsala miyezi 3 kuti munyamuke, yankho nthawi zambiri limabwera pa masabata atatu. Ndiye tandiuzeni, ndalama zonse akufunazo ndi za ntchito yanji?

Koma kubedwa ndalama si choopsa kwenikweni, ndalama zimabwerera mukagwira ntchito. Chomwe chimandiwawa ine ndi zimene anthuwa amalemba mu fomu yanu inu osadziwa. Amakuuzani kuti statement yanu ya ku banki ndi yoonda, tiyikonza, kenako amapanga yabodza pa kompyuta, kapena amakuponyerani mamiliyoni mu akaunti kwa masiku ochepa n'kudzachotsa mukasindikiza, ena mpaka amakulemberani kalata yoti ndinu manijala pa kampani yomwe simunapondeko n'komwe. Anthu a visa aja amaona ma statement tsiku ndi tsiku, munthu amene amalandira malipiro omwewo mwezi ndi mwezi kenako mwadzidzidzi mulu wa ndalama wagwa popanda kufotokoza kumene wachokera, amadziwa. Amathanso kuimbira ku banki kapena ku ntchito kwanu kufunsa. Akapeza kuti pali chinyengo samangokukanani ulendo uwu wokha ayi, akhoza kukutsekerani mpaka zaka 10, ndipo dzina lomwe lili pa fomupo ndi lanu, osati la ejenti. Kunena kuti "sindimadziwa, anandidzazira ndi wina" sikungawaletse kukukanani. Komanso mayiko ena mukamadzafunsira visa amafunsa ngati munakanidwapo kwina, ndiye banga limenelo mumayenda nalo. Ndalama ya visa akakukanani sabweza.

Pepala loona ngakhale lochepa limaposa labodza. Ngati mumalandira zochepa koma achemwali ndi amene akulipira tikiti ndi kukusungani, nenani choncho, iwo alembe kalata yokuitanani, aikepo adiresi yawo, umboni woti akukhala ku UK movomerezeka, ndi ma statement awo. Inu muikepo kalata ya ku ntchito yonena kuti mwapatsidwa tchuthi ndipo mudzabwerera tsiku lakuti, ma payslip, statement ya miyezi ingapo monga ilili, ngati muli pa geni satifiketi ya bizinesi, za nyumba kapena malo ngati zilipo, za ana amene mukuwasiya pa sukulu. Funso lawo lalikulu ndi limodzi, kodi munthuyu abwerera kwawo? Mapepala anu ayankhe limenelo.

Zina ziwiri zomwe amadyera anthu. Akakuuzani kuti mulipire zoyezetsa TB, pa ulendo wocheza wosapitirira miyezi 6 sizifunika, zimenezo ndi za okakhalitsa. Akakuuzani kuti "ingopitani pa visitor, mukafika tikakusinthirani mukayambe ntchito ya care", kutanthauza ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, limenelo ndi bodza lamkunkhuniza, pa visa imeneyi saloleza kugwira ntchito komanso simungaisinthe kukhala ya ntchito muli konko.

Sindikunena kuti aliyense wothandiza kudzaza fomu ndi wakuba ayi, ena chingerezi cha mafomu chimawazunguza ndipo kupempha thandizo si mlandu. Koma ngati mwasankha kulipira munthu, akhale ndi ofesi yoti mutha kuipeza mawa, akupatseni lisiti yolemba bwino kuti iyi ndi ya ntchito yake iyi ndi ya visa, imelo ndi password ya fomu zikhale zanu osati zake, ndipo muwerenge yankho lililonse asanatumize, makamaka pamene akufunsa ndalama zomwe mumapeza ndi abale amene muli nawo ku UK. Wokana kukuonetsani fomu yanu yomwe, kapena wokuthamangitsani kuti lipirani lero malo akutha, musiyeni. Pasipoti isachoke m'manja mwanu kupatula pa malo odindira zala paja. Tikiti ya ndege musagule yankho lisanatuluke.

Ngati mwatumiza kale ndalama zina, musawonjezere ngakhale akuopsezeni kuti zoyambazo zipita. Sungani ma screenshot a zokambirana zanu ndi mauthenga a ndalama aja, mupite nazo ku polisi, a Fiscal ndi amene amaona milandu yotereyi. Ndipo ngati anayamba kale kukudzazirani fomu, isiyeni imeneyo muyambe ina ndi imelo yanu.