Chifukwa chimene UCLA ikukasewerera ku New Jersey, ndi zimene mphwanu afunse asanasaine

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, n'chifukwa chiyani matimu a makoleji a ku America akungosamukasamuka mpaka UCLA ya ku Los Angeles kukhala ligi imodzi ndi Rutgers ya ku New Jersey. Chachiwiri, ngati zimenezi zingakhudze mphwanu amene akusaka sikolashipu ya masewero othamanga. Mafunso awiriwa muzu wake ndi umodzi, ndipo mphwanuyo zikumukhudza ndithu, ngakhale kuti si mbali imene anthu ambiri amaganizira.

Muyambe mwaiwala kaye za ligi yathu, imene timu ikachita bwino imakwera, ikalephera imatsika. Kumeneko kulibe zimenezo. Conference ndi gulu la mayunivesite amene anagwirizana kuti azisewera okhaokha, azigulitsa pamodzi ufulu woonetsa masewero awo pa TV, n'kumagawana ndalamazo. Umalowamo akakuitana, ndipo ovota ndi atsogoleri a mayunivesite amene ali kale m'gululo. Timu ingapambane chaka ndi chaka, koma ngati makampani a TV akuona kuti sibweretsa oonera ambiri, palibe aiitane. Komanso masewero amene amayang'ana powerengera ndi amodzi okha, American football. Kansas inatenga chikho cha basketball cha dziko lonse mu 2022, koma Big Ten kapena SEC, ma conference awiri olemera kwambiri, sanaithamangire, chifukwa ndalama zazikulu sizili ku basketball.

Zonsezi zinayamba mu 1984. Kale bungwe la NCAA, loyang'anira masewero a makoleji, ndi limene linkagulitsa masewero a football ku ma TV, n'kumachepetsa maulendo amene timu imodzi ingaonekere. Mayunivesite a Oklahoma ndi Georgia anakasuma, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linawagamulira mlandu mowakomera. Kuchokera pamenepo ufuluwo unagwera m'manja mwa masukulu ndi ma conference awo, ndiye gulu lililonse linasanduka wamalonda wofuna katundu wabwino woti akagulitse.

Mukafuna kudziwa nthawi imene matimu asamuke, musayang'ane zigoli. Yang'anani chaka chimene kontrakiti ya TV ikutha. Mu July 2021 Texas ndi Oklahoma analengeza kuti akuchoka ku conference ya Big 12 kupita ku SEC, imene inali itasainirana ndi kampani ya TV ya ESPN kontrakiti ya zaka 10 ya madola pafupifupi 300 miliyoni pachaka yoyamba mu 2024. Big Ten, m'mene muli Rutgers, itaona zimenezo, pa 30 June 2022 inatenga USC ndi UCLA, mayunivesite a ku Los Angeles amene anali mu conference ya Pac-12, ndipo pasanathe miyezi iwiri inasaina kontrakiti ya zaka 7 ndi Fox, CBS ndi NBC ya madola oposa 7 biliyoni. Makampani atatuwa anagawana tsiku la Loweruka: Fox masana 12 koloko, CBS cha m'ma 3:30, NBC usiku. Kuti nthawi zonsezi zidzaze ndi masewero okoka anthu, pankafunika mayina akuluakulu ambiri, ndipo Los Angeles ndi msika wachiwiri wa TV m'dziko lonselo. Cha m'ma 2023 sukulu ya ku Big Ten inkalandira madola pafupifupi 60 miliyoni pachaka, pamene ya ku Pac-12 inkalandira 30 miliyoni ndi pang'ono. UCLA, imene gawo lake la masewero linali m'ngongole, sikanakana.

Kugwa kwa Pac-12 ndiko kofunika kukumvetsa, chifukwa gululi mbiri yake inayambira mu 1915 ndipo silinagwe chifukwa chosowa matimu abwino. Linalakwitsa pa malonda kawiri. Mu 2012, Larry Scott ali mkulu wa gululi, anatsegula TV yawoyawo, Pac-12 Networks, popanda kutenga ESPN kapena Fox ngati mnzawo pa bizinesiyo, pamene Big Ten inagwirizana ndi Fox ndipo SEC inadzagwirizana ndi ESPN. Popanda kampani yamphamvu kumbuyo, analephera kuilowetsa pa DirecTV, kampani yaikulu ya TV ya pa satelayiti, zaka zonsezo, ndiye anthu ambiri sankaiona ndipo ndalama zimene ankayembekezera sizinabwere. Onjezerani vuto la nthawi: masewero oyamba 7:30 usiku ku California amakhala akuyamba 10:30 ku New York, anthu ambiri akukagona.

Cholakwika chachiwiri chinali kuzengereza. Kontrakiti ya Pac-12 inkatha mu 2024, ya Big 12 mu 2025, ndiye amene anayenera kutsogola ku msika ndi Pac-12. Koma Brett Yormark, atangolowa kumene ngati mkulu wa Big 12, anawadumpha pamzere. Mu October 2022 anagwirizana ndi ESPN ndi Fox zowonjezera zaka 6 pa madola 2.28 biliyoni, kutanthauza pafupifupi 31.7 miliyoni pa sukulu iliyonse pachaka. Ndalama zimene makampani awiriwa anali nazo zogulira masewero a gulu lachitatu zinathera pamenepo. George Kliavkoff, amene analowa m'malo mwa Scott, anatha chaka akufunafuna wogula, ndipo chimene anabweretsa pomaliza chinali cha Apple: masewero pa intaneti, ndalama zotsimikizika zochepa kuposa za Big 12, zowonjezera zodalira kuchuluka kwa anthu olembetsa. Colorado inali itachoka kale pa 27 July 2023. Pa 4 August, tsiku limodzi, Oregon ndi Washington anapita ku Big Ten, Arizona, Arizona State ndi Utah ku Big 12. Pa 1 September, Cal (University of California ya ku Berkeley) ndi Stanford anapita ku ACC, gulu la kugombe la kum'mawa.

Onani mmene ochedwa analowera. USC ndi UCLA analandira gawo lonse kuyambira tsiku loyamba. Oregon ndi Washington analowa pa theka, madola pafupifupi 30 miliyoni pachaka mpaka kontrakiti ino ithe. Cal ndi Stanford anavomera kagawo kakang'ono kwa zaka zingapo, ndipo SMU ya ku Dallas, imene inalowa nawo ACC, inavomera kusalandira ndalama za TV kwa zaka 9, anthu olemera amene anaphunzira pasukulupo n'kutseka dzenjelo ndi zopereka. Akuluakulu oyang'anira University of California anafika polamula UCLA kuti izipatsa Cal madola 10 miliyoni pachaka, poti onse ndi ana a nyumba imodzi ndipo kuchoka kwa wina kunasaukitsa mnzake.

Mwina mukufunsa kuti nanga ena onse bwanji osangochoka. Chimawamanga ndi chikalata chotchedwa grant of rights. Sukulu imasaina kuti ufulu woonetsa pa TV masewero ake a pakhomo ndi wa conference mpaka chaka chakutichakuti. Ikhoza kuchoka, koma ndalama za masewerowo zimatsalira gulu lakale, ndiye gulu latsopano silipindula kanthu poitenga. Pac-12 inamwazika chifukwa chikalata chake chinkatha mu 2024. Cha ACC chimafika 2036. Florida State, itapambana masewero onse 13 mu 2023 koma n'kusiyidwa kunja kwa matimu anayi olimbirana chikho, inakasuma mu December chaka chomwecho, maloya ake akunena kuti kuchoka kungawadyere madola oposa 500 miliyoni. Clemson inatsatira mu March 2024. Anamvana mu March 2025: matimu okoka oonera ambiri azilandira gawo lalikulu, ndipo mtengo wochokera uzitsika chaka ndi chaka mpaka madola 75 miliyoni cha m'ma 2030.

Amene anatsala okha ndi Oregon State ndi Washington State, masukulu a m'matauni aang'ono a Corvallis ndi Pullman. Anapita kukhoti, anapambana ulamuliro wa katundu wa Pac-12, ndipo ochoka aja anasiya madola 65 miliyoni. Malamulo a NCAA amafuna masukulu 8 a football kuti gulu lizindikirike, ndipo anawapatsa zaka ziwiri zoti adzaze chiwerengerocho. Anatenga Boise State, Colorado State, Fresno State, San Diego State ndi Utah State kuchokera ku conference yaing'ono ya Mountain West, kenako Texas State, kuphatikizapo Gonzaga imene ilibe football, onse oyamba mu July 2026. Dzina lapulumuka, koma wodyedwa uja nayenso wadya gulu laling'ono, ndipo Mountain West nayo inakatenga matimu kwina.

Tsopano za mphwanu. Anthu ambiri amadandaula za maulendo, ndipo dandaulolo n'loona, koma muyang'ane amene akuvutika ndi ndani. Timu ya football imasewera masewero 12 pa sizoni, kawirikawiri Loweruka, ya kunja kwa sukulu mwina anayi kapena asanu, pa ndege yochita kubwereka yawoyawo. Anyamuka Lachisanu, abwerera Loweruka usiku. Amene zawathina ndi a volleyball, softball, baseball ndi mpira wa miyendo, amene amasewera kawiri kapena katatu pa sabata, nthawi zina mkati mwa sabata, ambiri pa ndege wamba. Kuchoka ku Los Angeles kufika ku New Jersey ndi makilomita pafupifupi 4,000, maola asanu m'mwamba, ndi kusiyana kwa nthawi kwa maola atatu. Mtsikana wa volleyball wonyamuka Lachitatu n'kubwerera Lamlungu usiku waphonya makalasi a masiku atatu, ndipo Lolemba m'mawa thupi lake silikudziwa kuti ili nthawi yanji. Ana amenewa sanafunsidwe, ndipo ndalama zimene anasamukira si za masewero awo. Ine ndimaona kuti football ikanangopatulidwa n'kukhala ndi ligi yakeyake, masewero enawo n'kubwerera m'zigawo zawo. Notre Dame yakhala ikuchita zofanana ndi zimenezi: football ili payokha ndi kontrakiti yake ya NBC kuyambira 1991, masewero ena ambiri ali ku ACC.

Wothamanga maulendowa samukhudza kwambiri, chifukwa sizoni yake yambiri imakhala mipikisano imene kochi amasankha yekha, ndipo conference amakumana nayo makamaka pa mpikisano womaliza. Chimene chimamukhudza ndi bajeti. Pa 6 June 2025 woweruza Claudia Wilken anavomereza mgwirizano wothetsa mlandu wa House, umene osewera anasumira NCAA: madola 2.8 biliyoni olipira osewera akale kwa zaka 10, komanso sukulu iliyonse yololedwa kulipira osewera ake mwachindunji mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Masukulu ambiri akupereka pafupifupi magawo atatu mwa anayi a ndalamazi ku football. Sukulu yolandira 60 miliyoni ku TV ikwanitsa. Yolandira zochepa iyenera kukazipeza kwina, ndipo kwinako ndi kuwiri: kwa anthu, kapena kudula masewero osabweretsa ndalama. Tennessee inawonjezera 10 peresenti pa matikiti kuti izilipirira osewera. Clemson inayamba kulipiritsa wophunzira aliyense madola 150 pa teremu, kaya amaonera mpira kaya ayi. Ndipo Washington State, imodzi mwa otsala aja, inalengeza mu 2025 kuti yasiya masewero odumpha ndi oponya n'kuchepetsa a liwiro lalifupi, kuti itsale ndi othamanga mitunda italiitali. Ana amene anapita kumeneko kukaponya nthungo anayenera kusaka sukulu ina.

Lamulo la masikolashipu nalonso lasintha. Kale timu ya amuna othamanga inkaloledwa masikolashipu 12.6, ya akazi 18, ndipo kochi ankawaduladula kuti akwanire anthu ambiri. Tsopano m'masukulu amene analowa mu mgwirizano uja malire ali pa chiwerengero cha anthu m'timu: 45 kwa othamanga pabwalo, 17 kwa a cross country. Sukulu ikhoza kulipirira onsewo, koma palibe chimene chimaikakamiza, ndipo malo m'timu achepa. Palinso lamulo la Title IX la 1972 lofuna kuti mwayi wa amuna ndi akazi ufanane. Poti football yokha imatenga malo 105 a amuna, sukulu ikamadula nthawi zambiri imayambira ku matimu a amuna ang'onoang'ono.

Ndiye kochi akamulembera mphwanuyo, asasangalale ndi dzina la sukulu lokha. Afunse kuti sikolashipuyo ndi ya maperesenti angati, ndipo ikulipira chiyani pakati pa fizi, chipinda, chakudya, mabuku ndi inshuwalansi ya chipatala, chifukwa ofesi yopereka viza idzafuna umboni wa ndalama zotsalazo. Afunse ngati ndi ya chaka chimodzi kapena ya zaka zinayi, ndi chimene chidzachitike akavulala, akachotsedwa m'timu kapena timuyo ikathetsedwa, ndipo yankholo lilembedwe m'chikalata chimene asaine, osati pa WhatsApp. Aone tsamba la timuyo pa intaneti, awerenge mayina a chaka chino n'kuyerekeza ndi a zaka ziwiri zapitazo. Ngati achepa kwambiri, makamaka pa mtunda umene iye amathamanga, afunse chifukwa chake. Alembetse msanga ku NCAA Eligibility Center ndi zikalata za sekondale, chifukwa za ochokera kunja zimatenga nthawi kuunika. Ndalama za NIL, zimene osewera akhala akuloledwa kulandira potsatsa malonda kuyambira July 2021, asaziike mu bajeti yake. Viza ya F-1 imaletsa ntchito zambiri za kunja kwa sukulu, ndipo asanalandire ngakhale dola imodzi ayambe wafunsa ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja.

Ayang'anenso kalendala. Kontrakiti ya Big Ten ikutha mu 2030, ya Big 12 mu 2031, ya SEC mu 2034, ndipo khomo lotulukira ku ACC likutsika mtengo cha m'ma 2030 momwemo. Zokambirana zimayamba kutatsala zaka ziwiri kapena zitatu, monga zinachitikira mu 2021 ndi 2022. Wolowa mu 2026 kapena 2027 zidzamupeza ali chaka chachitatu, nthawi imene kusintha sukulu kumataya maphunziro ena amene anakhoza kale. Ngati sukuluyo ili ku ACC, Big 12 kapena Pac-12 yatsopano, afunse kochi mosabisa kuti bajeti ya othamanga yatsimikizika mpaka chaka chiti.