Funsani Dokotala: Kodi amayi asiye warfarin n'kuyamba mankhwala atsopano?

Funso: Adokotala, amayi anga a zaka 48 anawapeza ndi valavu ya mtima yofinyika, komanso mtima wawo umagunda mosalongosoka. Akumwa warfarin, choncho mwezi ndi mwezi timachoka ku Chadiza kupita ku Chipata kukayezetsa magazi a INR, oonetsa ngati warfarin akugwira ntchito pa mlingo woyenera, ndipo ndalama yoyendera ikutivuta. Alongo anga a ku Johannesburg akuti kwabwera mankhwala otchedwa rivaroxaban osafuna zoyezetsa magazi, ndiye akufuna azititumizira. Tivomere? Ndine mwana wawo wamkazi, Chadiza.

Yankho: Zikomo mayi. Musavomere. Alongo anu sananame, rivaroxaban ndi mankhwala enieni ndipo akuthandiza anthu ambiri, koma pa mtima ngati wa amayi anu, warfarin ndiye woyenera.

Valavu ndi kachitseko ka mu mtima koletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Valavu yofinyika mwa munthu wa msinkhu wotere kuno kwathu kawirikawiri imachokera ku zilonda za pakhosi za paubwana zomwe sizinalandire mankhwala. Thupi polimbana ndi kachilombo koyambitsa zilondazo limavulazanso mavalavu ake omwe. Zaka zikapita, chipinda chakumtunda cha mtima chimatanuka n'kuyamba kunjenjemera m'malo mopopa, vuto lomwe timalitcha atrial fibrillation. Magazi amadikha m'menemo n'kuundana, ndipo kachibulumwa kakathothoka n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, munthu amafa ziwalo. Ntchito ya warfarin ndi kuletsa kuundanako.

Kafukufuku wamkulu yemwe anatchukitsa rivaroxaban, wotchedwa ROCKET AF wa mu 2011, sanalowetsemo odwala a valavu yofinyika kwambiri. Ndiye kuti za anthu ngati amayi anu panalibe yankho, popeza kumayiko olemera matendawa anachepa kalekale.

Mmodzi mwa omwe sanalole kuti zikhale choncho anali Pulofesa Bongani Mayosi, katswiri wa mtima wa ku University of Cape Town. Mu 2017, iye ndi anzake a ku Italy anapeza kuti kulakwika kwa jini (kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo) yotchedwa CDH2 kumachititsa matenda ena a mtima otengera ku mtundu, omwe amasokoneza kagundidwe n'kupha achinyamata mwadzidzidzi. Koma kwa ine ntchito yake yaikulu inali yosonkhanitsa madokotala a mayiko osauka kuti aziwerengera odwala awo pamodzi. Kafukufuku wa REMEDY, yemwe anamutsogolera ndi Dr Liesl Zühlke, anatsata odwala matenda a mavalavuwa 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, komanso India ndi Yemen. Zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti theka la odwalawo anali a zaka 28 kutsika m'munsi, ambiri ali amayi, ndipo mwa omwe ankamwa mankhwala ngati warfarin, osakwana atatu pa khumi alionse ndiwo anali ndi INR yoyenera.

Pamenepa funso lanu lomweli linabuka: bwanji osangowapatsa mankhwala osafuna kuyeza? Mayosi ndi anzake a ku McMaster University ku Canada ndi a ku India anakonza kafukufuku wa INVICTUS, ngakhale iye anamwalira mu 2018 asanaone mathero ake. Odwala oposa 4,500 m'mayiko 24 anagawidwa pawiri, ena rivaroxaban, ena warfarin kapena mankhwala a mtundu wake, ndipo anawatsata kwa zaka pafupifupi zitatu. Ambiri ankayembekezera kuti atsopanowo apambana. Zotsatira za mu 2022 zinawadabwitsa: a warfarin anamwalira ochepa, ofa ziwalo chifukwa cha mtsempha wotsekeka analinso ochepa, pomwe kutaya magazi koopsa kunali kofanana mbali zonse. Ofufuza ena amaganiza kuti ulendo wa mwezi ndi mwezi womwe ukukutopetsaniwo ndi gawo la chithandizo, chifukwa dokotala amaona msanga miyendo ikayamba kutupa kapena befu akamakula.

Tsono alongo anu aziwatumizira amayi ndalama yoyendera. Mukapitanso, funsani ngati pali chipatala chapafupi choyeza INR, kapena ngati masiku angatalikirane, zomwe zimatheka INR ikakhazikika pakati pa 2 ndi 3 kwa miyezi ingapo.

Za ndiwo, ndimamva ambiri akuti womwa warfarin asadye zamasamba. Ayi ndithu, nanga nsima adyera chiyani? Nkhwani, bonongwe ndi repu zili ndi vitamini K yemwe amafooketsa warfarin, koma chofunika n'chakuti azidya mlingo wofanana sabata ndi sabata, osati dzinja mbale yodzaza, chilimwe osalawa. Choopsa zedi ndi mankhwala ena. Septrin ndi Flagyl amawonjezera mphamvu ya warfarin, rifampicin wa TB amaichepetsa, ndipo aspirin, Brufen ndi diclofenac amabweretsa kutaya magazi m'mimba. Mutu ukawawa amwe Panado pang'ono. Mankhwala azitsamba asamwe osafunsa kuchipatala. Chimbudzi chakuda bii, mkodzo wa magazi, kamfuno kosaleka, kamwa kupotoka kapena dzanja kufooka mwadzidzidzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.

Ngati pakhomopo pali ana a zaka 5 mpaka 15, wina akadandaula pakhosi thupi likutentha, mupite naye kukiliniki, ndipo akamupatsa penicillin amalize yense.