Yankho kwa mayi amene akufuna tchuthi cha masiku anayi kufupi ndi nyanja

Mayi, mwafunsa kumene mungapite ndi bambo akunyumba komanso ana awiri kwa masiku anayi mu Ogasiti, kuchokera ku Leeds, kuti ana akaone midzi ya kuno ku England komanso nyanja popanda kuwononga ndalama zambiri. Ine ndikukulangizani kuti mupite ku Whitby, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, mukachite lendi kanyumba kamodzi kokhala ndi khitchini, ndipo muzikagona momwemo masiku onsewo. Chaka china ife tinkasintha malo ogona usiku uliwonse, moti tchuthi chonse chinathera pa kulongedza zikwama ndi kutonthoza ana m'galimoto.

Ulendowu ndi wa maola pafupifupi awiri. Mukafika ku Malton mulowe msewu wa A169 wodzera ku Pickering, chifukwa umakwera zitunda za North York Moors, ndipo mwezi umenewu tizitsamba ta heather timakhala titachita maluwa, dera lonse nkusanduka la pepo mpaka kumene maso alekezera. Mukakhotera ku mudzi wa Goathland muyendetse pang'onopang'ono, popeza nkhosa zimadya udzu m'mphepete mwa msewu ndipo zina zimagona pamsewu penipeni.

Chimene ndikufuna muchimvetse bwino ndi nkhani ya madzi. Ife amene tinazolowera kusamba ku Senga Bay timaganiza kuti gombe limene tasiya m'mawa tidzalipeza momwemo masana, koma nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pamene yaphwa kufika pamene yadzaza pamadutsa maola pafupifupi 6. Ku Robin Hood's Bay, kamudzi ka asodzi kamene kali kumwera kwa Whitby, madzi akaphwa pamaoneka thanthwe lalikulu lodzaza ndi zithaphwi. Mwana wanga wamng'ono ananjuta pa chithaphwi chimodzi ola lathunthu, akuvundukula timiyala kuti aone tinkhanu tikuthawa cham'mbali, mpaka zala zake zinachita makwinya ndi kuzizira. Koma madziwo akamabwerera amafika mpaka m'munsi mwa phompho, ndipo munthu amene wapita patali atha kutsekeredwa njira. Choncho muziyang'ana pa intaneti nthawi imene madzi aphwe tsiku limenelo, mutsike akamaphwa, mubwerere akangoyamba kudzaza. Ana akafuna kusambira, asambire pagombe la Whitby pakati pa mbendera za mitundu yofiira ndi yachikasu, pamene anthu a bungwe lopulumutsa anthu panyanja la RNLI amayang'anira. Madziwo ndi ozizira kwambiri ngakhale dzuwa liwale, kotero majuzi ndi matawulo zikhale pafupi.

Mukapita ku Robin Hood's Bay, galimoto muisiye pamwamba pa mudziwo, chifukwa kamsewu kotsikira kunyanja nkotsetsereka kwambiri, ndipo pobwerera wamng'onoyo adzafuna kuberekedwa.

Tsiku lina mukwere masitepe 199 opita ku mabwinja a Whitby Abbey, pamalo pamene Hilda woyera anayambitsa nyumba ya amonke ndi masisitere m'chaka cha 657. Kukagwa mvula, sitima ya malasha ya North Yorkshire Moors Railway yoyenda pakati pa Whitby ndi Pickering idzawasangalatsa ana ali pouma, ngakhale kuti matikiti ake ndi okwererapo mtengo.

Malo ogona musungitse msanga, chifukwa sukulu zikatsekera amadzaza. Nsomba ndi tchipisi mudye kamodzi kapena kawiri, masiku enawo muziphika nokha, ndipo mukamadyera padoko muwauze ana aphimbe chakudya chawo, popeza mbalame za kunyanjako zimatsomphola m'manja momwe.