Funso la owerenga: kodi mapiramidi anamangadi ndi anthu?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena amene apempha kuti ndisawatchule dzina. Akuti alamu awo akuwasowetsa mtendere pa gulupu ya banja, tsiku ndi tsiku kuponya mavidiyo onena kuti mapiramidi a ku Egypt sanamange ndi anthu, lero akuti ndi ma alien, mawa akuti ndi zimphona za pa Genesis 6 zija, moti mwana wawo wa Fomu 2 wayamba kukhulupirira. Akufunsa kuti zoona ndi ziti, ndipo awayankhe bwanji alamuwo popanda kuyambana.

Achemwali, apa ndiye mwandigunda pachilonda, mundipirire ndiyambira kutali.

Malemu bambo anga anali mmisiri womanga nyumba. Sukulu analekezera ku pulayimale konko, ndipo zida zawo zonse zinkakwana mu thumba limodzi la feteleza: chipande, sikweya, chingwe, kachitsulo kolendewera kachingwe koonera ngati khoma laima chilili, ndi paipi yapulasitiki yoonekera mkati ija amathiramo madzi poyeza levulo. Patchuthi ine ndinali wogwira mbali ina ya paipiyo, iwo ali uko ku ngodya ina ya maziko akukuwa "kweza! tsitsa pang'ono! basi pomwepo, lemba!" ine nkulemba ndi khala pa chikhomo pomwe madzi aima. Ngodya ankayeza ndi chingwe chomwecho, mafiti 3 uku, 4 uku, pakati pakakwana 5 amati yakhoza, dzina la Pythagoras sanalimvepo moyo wawo wonse koma khoma lawo silinkakhota. Nde kunali bwana wina mtauni amene bambo anamumangira nyumba yosanja, yokongola zedi, anthu odutsa ankachita kuima. Tsiku lotsegulira nyumbayo tinapita kuti mwina atipatsa ndalama yotsala, anatikhazika kuseri kufupi ndi khitchini, ndipo ine ndi makutu angawa ndinamva mlendo wina akufunsa kuti amanga ndani zimenezi, mwini wake nkuyankha kuti "aaa ndinachita kuitanitsa anthu akunja, akunowa sangathe izi." Bambo anamva. Sanayankhe kanthu, anangotembenuza chipewa chawo m'manja, kenako nkundiuza kuti tiye tizipita kwada. Njira yonse ankandifotokozera za mitengo ya simenti ngati palibe chachitika.

Ndiye munthu akamandiuza kuti "anthu sakanatha kumanga chinthu chimenechi", ine ndimamva mawu a bwana uja basi.

Sikuti alamu anuwo ndi opusa kudabwa ayi. Piramidi yaikulu ya ku Giza, ya Farao Khufu, inamangidwa cha m'ma 2560 BC, kutalika kwake poyamba kunali mamita 146, mbali iliyonse pansi ndi mamita 230, muli miyala pafupifupi 2.3 miliyoni ndipo mwala umodzi umalemera cha m'ma matani 2.5. Pamwamba pa chipinda cha mfumu pali miyala ya granite yolemera matani makumi angapo umodzi, yochokera ku Aswan, makilomita 800 kummwera. Amavidiyo amakonda kuwerengetsa kuti ngati anamanga zaka 20 ndiye kuti ankaika mwala umodzi pa mphindi ziwiri kapena zitatu zilizonse, nkumaliza ndi "mukuona ngati zingatheke?" ngati kuti panali gulu limodzi lokha lonyamula mwala umodzi ena onse atakhala pansi kuonerera. Kudabwa nkwabwino, chimene chimandinyansa ndi kudumpha kuchoka pa "sindikumvetsa mmene anachitira" kukafika pa "ndiye kuti sanachite ndi iwo."

Ndipo tazionapo kale izi, pafupi pompa. Great Zimbabwe, makoma amiyala osamata ndi dothi kapena simenti, pena otalika mamita 11. Mzungu wa ku Germany Karl Mauch atafikako mu 1871 ananena kuti ndi za mfumukazi ya ku Seba, ena nkumati Afoinike, amalonda akale a ku Turo ndi Sidoni, bola wina aliyense koma osati anthu akuda amene anawapeza pomwepo. Katswiri wofukula zakale David Randall-MacIver anakumba mu 1905 nkunena kuti anamanga ndi anthu a mu Africa mommuno, Gertrude Caton-Thompson anabwerezanso zomwezo mu 1929, koma boma la Rhodesia linkakanirirabe mpaka katswiri wawo Peter Garlake anachoka mdzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunama. Lero aliyense akudziwa kuti ndi makolo a Ashona. Kale ankati Afoinike, pano akuti ma alien, nyimbo ndi yomweyo angosintha ng'oma. Colosseum, bwalo lalikulu lakale la masewera la ku Rome, bwanji simumva kuti anamanga ma alien? Olo Elon Musk mu 2020 analemba pa Twitter kuti mapiramidi anamanga ma alien, nduna ina ya ku Egypt, Rania al-Mashat, inamuyankha mwaulemu kuti abwere adzaone manda a anthu amene anamangawo. Ine ndikanayankha zina koma nchifukwa chake sindine nduna.

Manda amenewo alipodi. Anawatulukira mu 1990 hatchi itapunthwa pa khoma lokwiririka kummwera kwa mapiramidiwo, katswiri wofukula zakale wa ku Egypt Zahi Hawass nkuyamba kukumba. Mafupa a anthuwo akuonetsa misana yotha ndi ntchito yolemetsa, ena anathyoka mikono ndi miyendo nkulumikizidwa bwinobwino mpaka kupola, kusonyeza kuti panali owasamalira akavulala. Chapafupi pomwepo katswiri mnzake Mark Lehner anafukula mudzi wonse wa ogwira ntchito, muli malo ophikira buledi, mogona, ndi mulu wa mafupa a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zomwe ankadya. Magulu awo anali ndi maina, ndipo ankawalemba ndi utoto wofiira pa miyala. Mtizipinda tapamwamba pa chipinda cha mfumu, malo amene sanapangidwe kuti munthu adzalowemo, muli dzina la gulu lina lotchedwa Abwenzi a Khufu. Pa piramidi ya Farao Menkaure panali gulu lodzitcha Zidakwa za Menkaure. Eti Zidakwa! Aliyense amene anakhalapo pa saiti akudziwa kuti dzina ngati limenelo angapereke ndi anthu basi, anyamata otopa akuseka madzulo ataweruka.

Koma amene ndimamukonda kwambiri ndi Merer. Mu 2013 Pierre Tallet ndi anzake anapeza mapepala a gumbwa ku Wadi al-Jarf m'mbali mwa Red Sea, akale kuposa ena onse olembedwa amene anapezekapo, ndipo ena mwa iwo ndi kaundula wa kapitawo wina dzina lake Merer amene ankayang'anira anthu pafupifupi 40 chakumapeto kwa ufumu wa Khufu. Munthuyu ankalemba tsiku ndi tsiku: tapakira miyala ku Tura, tayenda pa bwato, tagona pakuti, tafika ku Giza, ndipo akutchulanso bwana wake Ankhhaf, mbale wake wa Khufu yemwe. Miyala yoyera ya laimu ya ku Tura, tsidya lina la Nile, ndi imene inakuta kunja kwa piramidi. Palibe zozizwitsa mmenemo, ndi lipoti la ntchito lotopetsa kuwerenga ngati la folomani wina aliyense, ndipo kutopetsa kwakeko nkumene kumandikhutiritsa ine. Zimenezi mavidiyo a alamu anu sazitchula chifukwa sizikoka anthu.

China chomwe satchula ndi chakuti anthuwa anachita kuphunzira, nkumalakwitsa. Farao Djoser ku Saqqara, zaka pafupifupi 100 Khufu asanabwere, anangosanjikiza masitepe 6, mmisiri wake Imhotep. Kenako Sneferu, bambo ake a Khufu, ndi amene anavutika nazo zenizeni: ya ku Meidum lero ikuoneka ngati nsanja chifukwa zakunja zake zinagumuka, ya ku Dahshur anayamba motsetsereka kwambiri pa madigiri 54, ali mkati ming'alu nkuyamba, anasintha nkupita pa 43 moti mpaka lero ndi yopindika pakati, amaitcha Bent Pyramid. Yachitatu, Red Pyramid, anangoyambiratu pa 43 kuopa zomwe zija, ndiyo inatuluka bwino. Mwana wake ndi amene anadzamanga yaikulu ija. Tsono alien wodutsa nyenyezi zonsezo kudzafika kuno nkulephera kuyeza ngodya? Shuwa?

Za akapolo nazonso ndinenepo pang'ono chifukwa ndikudziwa kutchalitchi ambiri timangoti anamanga Aisraeli. Werengani Eksodo bwinobwino, akunena za njerwa ndi udzu, ndi mizinda ya Pitomu ndi Ramesesi, piramidi mulibemo. Pamene Ramesses II ankalowa ufumu mu 1279 BC, piramidi ya Khufu inali itatha kale zaka zoposa 1,200. Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri amene anafika ku Egypt patapita zaka 2,000, ndi amene analemba za anthu 100,000, akatswiri a lero amati mwina 20,000 mpaka 30,000. Panali amisiri okhazikika, ndiye panali ena ambiri otengedwa m'midzi mosinthana kudzagwira miyezi ingapo, malipiro ake buledi ndi mowa. Ena amakometsera nkumati ankabwera mwachimwemwe, ine pamenepo ndiye ayi, mfumu ikakuitana sukana, inali ngati thangata ndithu. Koma thangata si ukapolo wa unyolo, ndipo kapolo sangamuike m'manda aulemu pafupi ndi mfumu.

Nanga miyalayo ankaikweza bwanji?

Apa ndi pamene pali mtsutso weniweni, wa anthu oti akumba ndi kuyeza. Kukoka pansi sikuvuta kumvetsa. M'manda a bwanamkubwa wina, Djehutihotep, ku Deir el-Bersha muli chithunzi cha anthu 172 akukoka chifanizo cha matani pafupifupi 58 pa chileyi, kutsogolo kwaima munthu akuthira madzi pa mchenga. Chithunzicho nchapambuyo ndi zaka mazana angapo koma njira ndi yomweyo, ndipo mu 2014 a sayansi a ku University of Amsterdam anayesa nkupeza kuti mchenga ukanyowa mwamuyeso mphamvu yokokera imatsika ndi theka. Miyala yambiri sinachokerenso kutali, anaisema pa Giza pomwepo, maenje ake alipo mpaka lero. Yakutaliyo inkabwera pamadzi, ndipo mu 2024 Eman Ghoneim ndi anzake anaonetsa nthambi yakale ya Nile yotalika makilomita 64 yomwe inkadutsa mphepete mwa mapiramidi ambiri isanaume.

Vuto ndi kukweza. Onse amavomereza kuti panali misewu ya chikweza younjika ndi dothi ndi zibuma, zotsalira zake zinapezeka malo angapo, ndipo ku Hatnub, malo akale osemako miyala, mu 2018 anapeza wina wa nthawi ya Khufu, wotsetsereka kwambiri, uli ndi masitepe mbali zonse ndi maenje ozikamo mitengo yokolekapo zingwe. Chomwe akulimbana ndi maonekedwe ake pa piramidi yaikuluyo. Msewu umodzi wowongoka mpaka pamwamba ukanatalika kupitirira kilomita ndi kudya zipangizo zochuluka ngati piramidi inanso. Wozungulira kunja ngati njoka umavuta pokhota ndi mwala wolemera, komanso umabisa ngodya zomwe mmisiri amafuna aziziona kuti asakhotetse. Jean-Pierre Houdin mu 2007 anabwera ndi ganizo loti msewuwo unazungulira mkati mwa piramidi momwe ndipo ukadali momwemo, ganizo lokoma kumva koma palibe amene waupeza. Ine ndili mbali ya amene amati anaphatikiza, waukulu pansi, ting'onoting'ono tokhotakhota kumtunda, ndi mipiringidzo yotukulira kumapeto. Ndipo taonani masamu awa: ukangofika gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika, miyala 70 pa 100 iliyonse yaikidwa kale, ukafika theka yatsala yosakwana 13 pa 100. Ntchito yambiri inali pansi.

Pali wina Joseph Davidovits amene wakhala akunena kuyambira m'ma 1970 kuti miyalayo sanaseme koma anaiumba ngati konkire pomwepo. Ulemu ndimamupatsa chifukwa iye sakulanda anthu ntchito yawo, koma woumba amagwiritsa chikombole ndipo zotuluka zimafanana, pomwe miyala ya pa Giza ndi yosiyanasiyana kukula, nanga maenje osemamo aja ndi a chani? Granite ankaiphwanya ndi mipira ya mwala wolimba wa dolerite ndi kuicheka ndi macheka a mkuwa akuthira mchenga, mchengawo ndi umene umadya mwalawo, pang'onopang'ono mpaka udule. Ku Aswan kuli chipilala cha matani oposa 1,000 chomwe chinang'aluka chisanathe nkuchisiya chigonere, zipsera za mipira ija zikuoneka. Alamu anuwo adzabweranso ndi nkhani ya mphako yaikulu ya mamita 30 imene gulu la asayansi la ScanPyramids linaipeza mkati mwa piramidi mu 2017, ndi kanjira ka mamita 9 ka mu 2023. Zoona zimenezo, koma mphako ndi mphako, si umboni wa alien. Komanso ku Sudan kuli mapiramidi oposa 200, ochuluka kuposa a ku Egypt, ang'onoang'ono, omangidwa ndi mafumu a ku Kush, amenewo bwanji sawapangira mavidiyo?

Tsono achemwali chochita ndi ichi. Pa gulupu musalembe ndime zitalizitali ngati zangazi, palibe awerenge. Ponyani chithunzi cha Bent Pyramid nkuwafunsa mwaulemu kuti alamu, apa ma alien anatani? Mwanayo ndiye mukhale naye pansi, afufuze yekha pa intaneti dzina la Merer ndi Wadi al-Jarf, kenako adzakufotokozereni zomwe wapeza. Alamuwo akakanirirabe asiyeni, musawathawitse pa gulupu, mudzawafuna posonkha za maliro ndi zaukwati.